Sewero la pa siteji, koma pa kanema: zimatheka bwanji?

[Wofotokoza waima panja pa chipinda choonetsera mpira ku Kawale. Mkati anthu akukuwa.]

Mwalimva phokosolo? Chigoli chalowa ku Manchester, koma amene adumpha pa benchi ndi anthu a ku Kawale. Palibe wakwera ndege apa. Alipira kangachepe pakhomo, akhala mothithikana, ndipo mpirawo akuuona nthawi yomweyo imene ukuseweredwa.

Takulandirani nonse. Nkhani yathu lero si ya mpira. Ndayambira pano chifukwa zimene zikuchitika m'chipinda ichi ndi zomwezo zimene nyumba zikuluzikulu za zisudzo zinayamba kuchita ndi masewero awo. Sewero likuchitika pa siteji ku London kapena ku New York, makamera akulijambula, ndipo anthu a m'mizinda ina akuliona ku sinema ya kwawo, pamodzi, mumdima, ngati alimo mu holomo.

[Chithunzi: holo yaikulu ya zisudzo, mipando yosanjikizana mpaka kudenga.]

Amene anatsegula njira ndi a Metropolitan Opera ku New York, ambiri amangoti Met. Pa 30 Disembala 2006 anaulutsa koyamba opera ya Mozart yotchedwa The Magic Flute kupita kumasinema. Luso loulutsa anali nalo kale, pakuti pa wailesi anayamba mu 1931, koma chithunzi chooneka bwino pa chinsalu chachikulu chinali chatsopano. Ku London, a National Theatre anatsatira mu Juni 2009 ndi sewero la Phèdre, momwe munali Helen Mirren. Ntchito yawoyo anaitcha National Theatre Live.

Wina afunsa kuti kodi opera n'chiyani. Ndi sewero limene mawu ake amaimbidwa. Mwamuna akamafunsira mbeta amaimba, akamakangana amaimba, ngakhale akamafa amaimba, ndipo kutsogolo kwa siteji kuli dzenje momwe mwakhala gulu lalikulu la oimba ndi zida. Inayambira ku Italy cha m'ma 1600. Chimene chimandizizwitsa ine n'chakuti oimbawo alibe chokuzira mawu. Holo ya Met ili ndi mipando pafupifupi 3,800, koma mayi mmodzi amaimba mawu ake n'kudumpha zida zonsezo mpaka kukafika kwa munthu wa pa mpando wotsiriza. Maikolofoni amene amaikidwa tsiku loulutsa ndi otengera mawu kwa ife akutali basi.

Ndipo musaganize kuti kuimba nkhani n'kwachilendo kwa ife. Agogo akamati "Padangokhala", ife n'kuyankha kuti "Tili tonse", pofika pamene kamwana kamasiye kayamba kulira, nthano ija inkasanduka nyimbo, tonse n'kuvomera. Mawu olankhula akachepa, munthu amaimba. Opera inaima pa mfundo yomweyo.

[Wofotokoza ali mu holo yopanda anthu. Akuloza malo osiyanasiyana.]

Tsopano kajambulidwe kake, chifukwa mutu wa nkhani uli apa. Sikuti amangoimika kamera imodzi kumbuyo n'kuisiya iziyenda. Makamera amakhala angapo: ina ili pakati kuti itenge siteji yonse, zina m'mbali, ina ikuyenda pa kanjanji kutsogolo. Tsiku loulutsa lisanafike amayamba ayeserera. Wotsogolera makamera amaonera sewerolo, n'kulemba m'buku lake kuti pa mawu akuti tidzaonetsa nkhope ya mayi, pa mawu akuti tidzaonetsa chitseko. Amajambula koyesa, n'kuona pomwe pakulakwika. Wigi imene ikuoneka bwino kwa munthu wa pa mzere wa 20 imaulula guluu wake kamera ikayandikira, ndiye amaikonza. Magetsi a pa siteji nawo amawasintha pang'ono, chifukwa diso la kamera silipirira mdima ngati la munthu.

Tsiku lenileni likafika, holo yadzaza ndi anthu ogula matikiti monga mwa masiku onse. Ochita sewero sabwereza. Wina akaiwala mawu, dziko lonse laona. M'chipinda china muli anthu osakaniza zithunzi ndi mawu nthawi yomweyo, ndipo zonse zimatumizidwa pa setilaiti mpaka pa dishi ya sinema. Pansi pa chithunzi pamadutsa mawu omasulira, choncho ngakhale akuimba m'Chitaliyana kapena m'Chijeremani, nkhani mukuitsata. Pa nthawi yopuma a Met amalowa ndi kamera kuseri kwa chinsalu, mumaona anyamata akukankha makoma a siteji, woimba akupukuta thukuta kwinaku akufunsidwa mafunso. Wa tikiti yodula mu holomo zimenezi sazionako.

Masewero a Met amenewa amachitika Loweruka masana ku New York, cha m'ma 1 koloko. Kuno imakhala 7 kapena 8 koloko usiku, malinga ndi nyengo ya kumeneko. Masinema ambiri amaonetsanso masiku otsatira zimene zinajambulidwa.

Kodi n'chimodzimodzi ndi kukhala mu holo? Ayi, ndisakunamizeni. Mu holo maso ndi anu. Mukafuna kuyang'ana wantchito amene waima phee pakona pamene bwana akulalata, palibe wokuletsani. Pa kanema wina wakusankhirani poyang'ana. Komanso wochita sewero sakumva kuseka kwanu, ndiye simungamuwonjezere moto. Zimenezo zatayika. Chimene mwapeza ndi nkhope. Milomo ikunjenjemera munthu asanalankhule, diso likuthawa pamene akunama, dzanja likufinya nsalu. Ndipo anthu ku sinema amaombabe m'manja nyimbo ikatha, akudziwa bwino kuti woimbayo ali kutsidya la nyanja, monga momwe a m'chipinda chija amakalipira refu amene sangawamve.

[Chithunzi: anthu akuyenda m'nyumba yoonetsera zojambula.]

Zionetsero za zojambulajambula nazo zinalowa m'njira yomweyi. Mu 2011 a National Gallery ku London anasonkhanitsa zithunzi za Leonardo da Vinci, munthu amene zithunzi zake zopenta zotsala sizikwana 20. Matikiti anatha, ndipo chionetserocho anachijambula n'kuchitumiza kumasinema pa dzina loti Leonardo Live. Kamera imafika pafupi ndi chithunzi kuposa pomwe mlonda angakuloleni kuima.

Mwina mukuti zonsezi n'za azungu. Tamverani mayina awa. Pretty Yende anabadwira m'tauni yaing'ono ya Piet Retief ku South Africa, opera anaimva koyamba pa malonda a pa TV ali mtsikana, anaimba ku Met koyamba mu 2013, ndipo mu 2023 anaimba pa mwambo wolonga ufumu wa Charles III. Mu 2005, filimu ya U-Carmen eKhayelitsha, opera yoimbidwa m'Chixhosa, inapata mphoto yaikulu ya Golden Bear ku Berlin. Nanga Chiwetel Ejiofor, uja tinamuona akulankhula Chichewa ngati bambo ake a William Kamkwamba mu The Boy Who Harnessed the Wind? Mu 2015 anali pa siteji ya National Theatre m'sewero la Everyman, ndipo linaulutsidwa kumasinema.

Ku South Africa masinema a Cinema Nouveau akhala akuonetsa masewero amenewa kwa zaka zambiri. Kuno kwathu, mwini sinema kapena holo amene akufuna kutero ayenera kupangana ndi eni masewerowo n'kulipira chilolezo. Kukopera pa intaneti n'kumalipiritsa anthu pakhomo ndi kuba, ngakhale cholinga chikhale chabwino. Eni malo amabweretsa chimene anthu akufunsa, ndiye kafunseni, makamaka mukhale gulu: kalabu ya zisudzo ya pasukulu, kwaya ya kumpingo, aphunzitsi a Chingerezi amene akuphunzitsa Shakespeare ana osaonapo sewero lake ndi maso. Pakadali pano, amene akufuna kulawa ali pakhomo, OperaVision imaika ma opera athunthu pa YouTube kwaulere, pamene National Theatre at Home ndi Met Opera on Demand n'zolipira. Opera imodzi imatha kutenga maola atatu, choncho bandulo ikhale yonenepa kapena mupeze WiFi, ndipo foni ikhale yodzaza magetsi asanazime.

[Wofotokoza wakhala pansi, kamera yamuyandikira.]

Koma chimene chinandikokera ku nkhaniyi si New York. Ndi sewero lina limene ndinaonera muno mu Lilongwe, mu holo ya mipando ya pulasitiki. Mayi wina ankachita ngati wamasiye amene achibale a mwamuna abwera kudzalanda katundu. Atanyamula zonse, iye anatsala ndi mphika umodzi. Sanalire. Anangokhala pansi, n'kuyamba kuupukuta mphikawo ndi nsonga ya chitenje, pang'onopang'ono, mkati ndi kunja. Holo yonse inati zii. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anagwira pakamwa.

Patapita masabata ndinaiona vidiyo ya sewero lomwelo. Inajambulidwa pa foni imodzi, kumbuyo kwenikweni. Theka la chithunzi linali mutu wa bambo wa kutsogolo. Mawu amene ankamveka kwambiri anali a jenereta ndi mipando yokokedwa. Mayi uja anali kadontho koyera chifukwa cha kuwala kwa getsi, mphika sunkaoneka n'komwe. Mtima unandipweteka, chifukwa munthu woona vidiyo imeneyo anganene kuti zisudzo za ku Malawi n'zachibwana, chonsecho ine ndinalipo ndipo ndikudziwa chimene ndinaona.

Dziko lino lili ndi mbiri ya zisudzo yonyaditsa. Du Chisiza Jr anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndipo ankadzaza maholo mpaka pamene anamwalira mu 1999. Gertrude Kamkwatira ananyamula ntchitoyo, kenako n'kuyambitsa Wanna-Do, iye n'kutisiya mu 2006. Kuli Kwathu Drama Group ndi masewero ake a Chichewa, kuli Nanzikambe, kunali Travelling Theatre ya ku Chancellor College, kuli mipikisano ya masewero ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, imene yasula ana asukulu ambirimbiri. Funsani wachinyamata wa zaka 20 ku Area 25 ngati anamuonapo Du akuyenda pa siteji. Ambiri dzina lokha ndi limene analimva kwa makolo. Sewero la pa siteji limatha usiku womwewo, chotsala ndi chimene chinajambulidwa.

Sitikufunika setilaiti kuti tiyambe. Makamera atatu amene anyamata athu amajambulira maukwati Loweruka lililonse ndi okwanira: imodzi yotenga siteji yonse, ziwiri zotsata nkhope. Chofunika koposa ndi mawu. Anthu amapirira chithunzi chofooka, koma mawu osamveka amawathamangitsa, ndiye timaikolofoni tating'ono tobisa m'zovala tigulidwe kaye tisanaganize za china chilichonse. Wojambula abwere ku mayeserero, aliwerenge sewerolo, adziwe kuti mphika uja ukubwera. Wolemba ndi ochita sewero asainirane pepala lonena za gawo la aliyense pa ndalama za pakhomo, ndipo a COSOMA alipo pa nkhani za umwini. Zikatero, sewero lochitikira mu holo ya Madsoc kapena ya BICC lingaonetsedwe ndi projekita ku Mitundu, ku Nathenje, ku Mponela, ngakhale m'chipinda chija cha ku Kawale tsiku lopanda mpira. Mukaikapo mawu omasulira, lafika ku Dzaleka, lafika kwa abale athu ali ku Joni.

Chimodzimodzi zojambula. Ndi angati a mu Lilongwe amene anafikako ku Chongoni, ku Dedza konkuno, komwe kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006? Nanga ku Mua, ku nyumba ya Chamare yosungiramo za chikhalidwe? Pamenepa pokha pafunika ulemu. Gule wamkulu si sewero la matikiti, ndipo za kudambwe si za kamera. Wojambula ayambe wakhala pansi ndi mafumu ndi eni mwambo, amve chimene chingaoneke ndi chimene sichingaoneke.

[Wofotokoza watenga kaseti yakale ya vidiyo m'katoni.]

Ndipo ngati kunyumba kwanu kuli makaseti ngati iyi, a masewero akale, mwina bambo anajambulitsa kapena munagula pakhomo la holo, musawataye. Tepi imawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ikachita nkhungu imamatana. Musaiike m'makina akale kuti muyese, ingadukiremo. Isungeni choimika, pamalo ouma, kutali ndi dzuwa, kufikira mutapeza munthu wodziwa kuisamutsira pa kompyuta. Pa chikuto lembanipo dzina la sewero, gulu lake, holo yake ndi chaka, mukadakumbukira.