Musanagule trolley yotsukira mawindo: zomwe zinayankhulidwa pa msonkhano wa Amalawi ku Leicester

Zikomo a tcheyamani. Amayi, abambo, achimwene ndi achemwali, moni nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Anawo asiyeni azisewera, sakusokoneza.

Nonse munamva za mnyamata wathu uja anagwa pa makwerero mwezi wathawu. Dzina sinditchula, mukumudziwa. Amatsuka windo la m'mwamba, makwerero anaterereka pa simenti yonyowa, mkono n'kuthyoka. Akupeza bwino, tithokoze Mulungu, koma ntchito waima kaye, pomwe lendi sidikira kuti fupa ligwirane. Chichitikireni zimenezi, gulu lathu la pa WhatsApp langodzaza zithunzi za ma trolley. "Ankolo, iyi ili bwanji?" "Ankolo, iyi akugulitsa motchipa, nditenge?" Ndiye a komiti anati ndibwere ndiyankhe kamodzi n'kamodzi.

Kufuna kutsika pa makwerero mwaganiza bwino. Kuno ku Britain kuli lamulo la mu 2005, Work at Height Regulations, ndipo amaliyang'anira ndi a HSE, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito. Silinaletse makwerero ayi, amene amakuuzani choncho akunama. Limangoti ngati ntchito ingatheke munthu ali pansi, igwiridwe ali pansi. N'chifukwa chake otsuka mawindo ambiri masiku ano mumawaona ndi pole yaitali ija, burashi kumapeto, madzi akukwera m'kapayipi. Trolley ntchito yake ndi kunyamula zinthu zitatu basi: chigubu cha madzi, pampu ya 12V ndi batire. Palibe zamatsenga. Chimene chimatsuka galasi ndi madziwo. Ndiye mverani chenjezo langa, ndipo ndilibwereza mpaka mutope nalo: musagule trolley musanayeze madzi a kwanu.

Pa ntchito imeneyi sitipukuta. Timakwecha ndi burashi, timatsukuluza, timachoka, galasi limauma lokha. Ngati m'madzimo muli kanthu kosungunuka, madzi akauma kanthuko kamatsala pagalasi. Mukafika kunyumba lero mutsegule ketulo yanu. Zoyera zokakamira pansi zija ndi laimu, ndipo zimenezo ndi zomwe mungamwaze pa windo la kasitomala. Kameta koyezera n'aka ndanyamulaka, kamatchedwa TDS meter, kakang'ono ngati cholembera, mtengo wake sufika n'komwe pa mafuta amene mwathira pobwera kuno. Mumakaviika m'kapu, kamaonetsa nambala. Madzi otsukira mawindo timafuna 000. Ikadutsa 10, yambani kuda nkhawa.

Tsono madzi a m'dziko muno sali chimodzimodzi. Achimwene a ku Glasgow amamwa a ku Loch Katrine. A ku Manchester amachokera ku Lake District, a ku Birmingham amachokera ku Elan Valley ku Wales. Onsewo ndi madzi ofewa, nambala imakhala pansi pa 100. Pitani ku London, ku Luton, ku Reading, kumene madzi amadutsa m'miyala ya choko, mukapeza nambala ikuyandikira 300 kapena kuposa. Kuno ku Midlands zimasiyana tauni ndi tauni. Ndiye msuweni wanu wa ku Manchester akakuuzani kuti iye amangogwiritsa botolo limodzi la resin, sakunama, koma akunena za madzi ake, osati anu.

Resin ndi timikanda tating'onoting'ono tabulawuni, timagwira mchere wonse wa m'madzi. Tikakhuta timasiya kugwira, mumataya n'kugula tina. Madzi a 300 amakhutitsa resin kasanu n'kamodzi mofulumira kuposa madzi a 50. Ndalama imathera pamenepo. Kumene madzi ndi olimba mumafunika makina a RO, amene amakankha madzi pa sefa yothina kwambiri n'kuchotsa gawo lalikulu la mcherewo, resin n'kungomaliza kotsalako. Koma RO imachedwa, imataya madzi ambiri kungalande, nthawi zambiri theka kapena kuposa, ndipo imafuna malo: galaja, mpopi wa panja, thanki yosungira. Inu amene mukukhala m'chipinda chimodzi pa nsanja yachitatu, RO mukaiika pati? Pansi pa bedi? Kwa inu bola kugula madzi oyeretsa kale. Kuli malo ngati a Spotless Water, mumafika ndi zigubu n'kulipira pa lita. Muyambe mwaona ngati alipo pafupi nanu.

Pali mwana wathu wina, uyu ali m'holo muno koma sindimuyang'ana. Anagula trolley yogwiritsidwa kale pa intaneti, yokongola ndithu. Anadzaza madzi a pampopi, chifukwa wogulitsayo anamuuza kuti fyuluta ili momwemo. Inalimo, koma resin yake inali itafa kalekale. Anatsuka nyumba zingapo mumsewu umodzi m'mawa, mawindo akunyezimira ali onyowa, ndalama analandira. Dzuwa litatuluka masana, galasi lililonse linali mathothomathotho oyera, mizere yotsika kuchokera pa felemu. Foni inayamba kulira. Anabwerera kukapukuta ndi manja, pa makwerero omwe aja amawathawa. Anthu a kuno sakukalipira pamaso, amangoti "tikuimbirani tikakufunani," basi mwatha. Yezani madzi, abale anga, musanagule chilichonse.

Ee, amayi, mwakweza dzanja.

(Mayi wina: "Pepani abambo, nanga tikangowiritsa madziwo? Kapena a mvula, poti kuno imagwa tsiku lililonse?")

Funso labwino limenelo mayi, khalani pansi ndiliyankhe bwinobwino, chifukwa ambiri amaganiza chomwecho koma amachita manyazi kufunsa. Kuwiritsa kumapha tizilombo, n'chifukwa chake achipatala amatilangiza kutero nthawi ya kolera. Koma galasi silidwala m'mimba. Vuto lathu ndi mchere wosungunuka. Mukawiritsa, laimu wina amakakamira m'poto, zoona, koma mchere wina wonse umatsala, ndipo nthunzi ikamachoka umangochulukira m'madzi otsalawo. Komanso malita 100 pa tsiku muwiritsa ndi magetsi a ndani? Jagi yosefera madzi akumwa ija nayonso siyifikitsa pa 000. Ena muli ndi water softener m'nyumba, mukuti mwapulumuka. Ayi. Makina amenewo amachotsa laimu n'kuikamo mchere wa mtundu wina, mukayeza nambala ili pomwepo.

Za mvula ndiye mwalasa. Madzi a mvula nambala yake imakhala yotsika kwambiri, ndipo alipo otsuka mawindo amene amakolola a padenga n'kusunga ndalama zambiri. Koma amadutsa padenga pomwe pali ndere, fumbi ndi zitosi za nkhunda. Ndiye muwasefe kaye, kenako adutse mu resin, kenako muyeze. Mgolo ukhale wotseka, wosalowa kuwala, apo ayi mumera zobiriwira zomwe zimatseka pampu. Chinanso, madzi okhalitsa akafunda, pakati pa madigiri 20 ndi 45, mumaswana kachilombo ka Legionella, kamene kamalowa m'mapapo munthu akapuma nkhungu ya madziwo. Ife timapopera madzi pamwamba pa mitu yathu tsiku lonse. Ndiye nthawi yotentha musasunge madzi milungu ndi milungu, ndipo zigubu muzizitsuka. Mwininyumba mumufunsenso musanadule payipi ya denga lake. Mwamva mayi? Zikomo.

Tibwere ku trolley yeniyeniyo. Anyamata mumakonda yaikulu, ya malita 50 kapena kuposa, mukuti musamabwererebwerere kugalimoto. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Malita 50, kuphatikiza chitsulo, batire ndi pampu, mwaposa thumba la chimanga lija, ndipo thumba la chimanga simulikweza masitepe nyumba iliyonse. A HSE amalangiza kuti bambo asapyole makilogalamu 25 ponyamula, katunduyo ali m'chiuno pafupi ndi thupi, mayi 16. Ine ndimati tengani ya chigubu cha malita 25 chochotseka. Chikatha mumachotsa n'kuika china, trolley mumaikweza m'galimoto ilibe madzi. Ya thanki yomatirira imakukakamizani kunyamula zonse pamodzi, msana n'kupita.

Muwerengenso. Pampu ikamatulutsa malita 2 pa mphindi, chigubu chimenecho chatha pa mphindi 12 ndi theka. N'chifukwa chake trolley yopanda kabokosi kochepetsera liwiro la madzi musaiyang'ane n'komwe. Pakhalenso vavu yotsekera madzi pa pole pomwepo, kuti posuntha kuchoka windo ili kupita linalo musamathirire maluwa a eni ake ndi madzi ogula. Ndipo muyende kaye njira yanu wapansi. Nyumba zogundizana za kuno ku Highfields, kuseri kwake mumadutsa kakhwalala kopapatiza, trolley yotambalala siyilowa. Kotero mwina chikwama cha kumsana cha malita 20 chingakuthandizeni kuposa. Kumene kuli timiyala ndi kapinga, mateyala akhale akuluakulu. Timateyala ta sutikesi tija timakuchititsani manyazi pakhomo pa kasitomala.

Achinyamata kumbuyoko, mafoniwo ikani pansi kaye, ichi chokha mumve. Pole ya kaboni ndi yopepuka, aliyense amaifuna, koma imadutsa magetsi. Ya fibreglass nayo ikanyowa musaikhulupirire. Mawaya ena a pa mitengo aja, makamaka kumidzi ya kunja kwa tauni, amanyamula mavolti 11,000, ndipo magetsi otere amatha kudumpha musanakhudze n'komwe. Musanatambasule pole, yang'anani kumwamba. Posuntha, ifupikitseni. Mukaona waya wagwa kapena walendewera imbani 105, nambala ya a magetsi, munthu akavulala 999. Windo limene lili pafupi ndi waya lisiyeni, muuze mwini wake chifukwa chake.

Ndikuona mapoto afika ndipo maso onse ali kumeneko, ndithamange. Choyamba meta, yezani madzi a kwanu. Kenako sankhani: resin yokha, RO, kapena kugula. Mukatero muone galimoto yanu imaloledwa kulemera bwanji, zalembedwa pa kachitsulo ka pachitseko kapena m'buku lake. Zigubu 8 ndi makilogalamu 200, muzimange ndi malamba, chifukwa mukaponda buleki mwadzidzidzi zikupezani kutsogolo. Inshulansi ya galimoto ikhale yolola bizinesi, ndipo mukhale ndi ina yolipira mukaphwanya cha mwini kapena wina akapunthwa pa payipi yanu. Batire muzitchaja usiku uliwonse. Ya lithium ndi yopepuka koma yodula. Trolley yogwiritsidwa kale musalipire musanaione ikupopa madzi, ndipo mufunse ngati zipangizo zake zimapezeka. Nthawi yozizira trolley igone m'nyumba, madzi akaundana m'pampu imang'ambika, ndipo muziwaza mchere pakhomo pomwe mwanyowetsa, agogo a eni ake angaterereke. Nyumba yoyamba kutsuka mukweche mafelemu kaye, mutsukuluze kawiri.

Za mapepala: mukapeza zoposa mapaundi 1,000 pa chaka mukalembetse ku HMRC, bungwe la misonkho. Ku Scotland makhonsolo ambiri amafuna laisensi ya otsuka mawindo, a ku Glasgow mukafunse. Ana asukulu, viza yanu siyilola kudzilemba ntchito nokha, musayese n'komwe. Enanso muwerenge zomwe viza yanu ikunena musanagule kanthu.

Amene mwabwera ndi madzi a kwanu m'mabotolo monga ndinapemphera, mulembepo dzina la tauni, mubwere nawo pa tebulo ili tikatha kudya, tiyeze mmodzimmodzi. Amayi a kwaya, mwana akukoka payipiyo ndi wa ndani? Mugwireni, batireyo ndi yolumikiza. A tcheyamani, ndabweza.