Oceans Seven: mipata isanu ndi iwiri ya nyanja imene osambira amalimbana nayo

Takulandirani nonse. Pa mapu a dziko lapansi pali malo asanu ndi awiri osankhidwa pamene nyanja inang'amba mtunda n'kusiya mpata, ndipo lero tifotokoza za anthu amene amaoloka mipata yonseyi posambira. Mndandandawu umatchedwa Oceans Seven. Anaukhazikitsa mu 2008 ndi Steven Munatones wa ku America, potengera anthu okwera mapiri amene amayesa kufika pansonga ya phiri lalitali kwambiri pa kontinenti iliyonse.

Tiyambe ndi malamulo, chifukwa ndi amene amachititsa kuti ntchitoyi ikhale yowawa. Wosambira amaloledwa kuvala kabudula kapena chovala wamba chosambirira, chipewa chimodzi cha labala ndi magalasi oteteza maso. Chovala chochindikala chija chimene chimasunga kutentha kwa thupi n'choletsedwa. Pambali pake pamayenda boti, koma akangoligwira, ngakhale kwa kamphindi, ulendo wathera pomwepo, ndipo m'botimo mumakhala woyang'anira amene ntchito yake ndi kulemba zonse zochitika. Chakudya amachita kumuponyera wosambirayo m'botolo lomangidwa ku chingwe, kawirikawiri pakatha mphindi 30 zilizonse. Iye amagona chagada, n'kumwa mwamsanga, n'kulisiya botololo kuti alikoke, pakuti akachedwa madzi amamubweza pa mtunda umene wausambira kale.

Mpata wodziwika kwambiri ndi English Channel, pakati pa England ndi France, umene ndi wa makilomita pafupifupi 33. Matthew Webb ndiye anayamba kuwoloka mu 1875 atasambira maola 21 ndi mphindi 45, ndipo Gertrude Ederle anakhala mkazi woyamba mu 1926. Pa mapu, mzere umene wosambira amadutsa si woongoka, koma umapindika ngati njoka. Chifukwa chake n'chakuti nyanja imadzala ndi kuphwa, ndipo pafupifupi maola 6 aliwonse madzi amasintha kolowera, motero munthu amakankhidwira chakumpoto kenako chakummwera pamene iye akulunjika kutsogolo. Amene wafika pafupi ndi ndomo ya Cap Gris-Nez nthawi itamuthera amatha kuona gombe la France ndi maso ake, nyumba ndi mitengo yomwe, koma n'kusambiranso maola angapo asanaponde mchenga. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi.

Wovuta kuposa yonse, malinga ndi osambira ambiri, ndi North Channel, pakati pa Ireland ndi Scotland. Kutalika kwake sikusiyana kwenikweni ndi English Channel, koma madzi ake amazizira kufika madigiri 12 kapena 13 ngakhale m'nyengo yotentha. Kuti mumvetse, madzi a pamwamba pa nyanja ya Malawi satsika kwenikweni pansi pa madigiri 22. Munthu akakhalitsa m'madzi ozizira chotere, zala zimayamba kukanika kugwirana, mawu amatuluka ngati a woledzera, kenako mutu umasokonezeka, moti a m'boti amamufunsa mafunso apafupi, monga dzina la mwana wake, kuti adziwe ngati akadali bwinobwino. N'chifukwa chake osambira amenewa sakhala oonda ngati othamanga. Ambiri amanenepa dala ndiponso amazoloweza thupi madzi ozizira kwa miyezi yambiri. Pamwamba pa kuzizirako pali tizilombo totchedwa jellyfish, tofewa ngati therere, tokhala ndi michira yaitali imene ikakhudza khungu imaotcha kuposa chitedze.

Ku Hawaii nkhani ndi ina. Molokai Channel ndiwo mpata wautali kwambiri pa yonse, wa makilomita pafupifupi 42, ndipo madzi ake ndi ofunda, koma mafunde ake ndi aakulu moti nthawi zina wosambira saliona boti limene akuyenda nalo. Kumeneko kulinso shaki. Catalina Channel, ku California, anthu amauyamba cha pakati pa usiku pofuna kupewa mphepo ya masana, motero maola oyambirira munthu amasambira mu mdima wa ndiweyani atamangirira kanyali ku chipewa. Cook Strait, pakati pa zilumba ziwiri zikuluzikulu za New Zealand, imadziwika ndi mphepo komanso madzi othamanga.

Yatsala iwiri imene pa mapu imaoneka yosavuta, ndipo apa ndi pamene mapu amanamiza. Strait of Gibraltar, kuchokera ku Tarifa ku Spain kukafika ku Morocco, ndi wa makilomita 14 okha, koma madzi a Atlantic amathamangira mu Mediterranean kudzera pomwepo, ndiponso sitima zikuluzikulu zimadutsa usana ndi usiku. Tsugaru Strait, pakati pa zilumba za Honshu ndi Hokkaido ku Japan, sufika makilomita 20 pamene pali pafupi, komabe madzi ake ndi amphamvu kwambiri moti osambira amayambira patali n'kulola madziwo kuwakokera kumene akufuna kukatulukira.

Mpata wa ku Japan umenewu ndi umene unazunza Stephen Redmond wa ku Ireland. Anali atamaliza isanu ndi umodzi, koma pa Tsugaru anabwerera maulendo angapo asanaoloke mu Julaye 2012, n'kukhala munthu woyamba kumaliza yonse. Chaka chotsatira Anna-Carin Nordin wa ku Sweden anakhala mkazi woyamba, ndipo iye anamalizira pa North Channel. Cameron Bellamy wa ku South Africa anamaliza mu 2018.

Chimene sichioneka m'zithunzi za anthu akukweza manja pagombe ndi kudikira. Oyendetsa maboti ovomerezeka ndi ochepa, moti malo amasungitsidwa kutatsala chaka chimodzi kapena zingapo, ndipo munthu amapatsidwa masiku owerengeka okha. Mphepo ikavuta masiku onsewo, woyendetsa boti amakana kunyamuka, ndipo wosambira amene walipira ndege, malo ogona ndi boti amabwerera kwawo osanyowa n'komwe, n'kukayambiranso kufunafuna tsiku lina chaka chamawa.