Wotchi zopanda batire: funsani kaye za injini

Moni abale athu a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi konse kumene mukutionera muno mu Harare. Lero tikukamba za wotchi zapamkono zoyenda ndi sipuling'i, zochokera ku makampani aang'ono ngati Baltic ya ku France, Zelos ya ku Singapore ndi Lorier ya ku New York. Makampani ambiri otere sapanga injini okha. Amakonza maonekedwe a wotchi, injini n'kukagula ku Japan, Switzerland kapena China. Ndiye musanatengeke ndi kukongola kwa nkhope yake, itembenuzeni, mufunse chimene chili m'kati.

(Kamera iyandikire pa injini yoyamba)

Iyi ndi Seiko NH35. Imagunda ka 21,600 pa ola, ndipo sipuling'i ikakokeka mokwanira imayenda maola 41 mutaivula. Opanga amalola kuti itsogole masekondi 40 kapena kutsalira masekondi 20 patsiku, choncho ikatsogola theka la mphindi musathamangire kwa wokonza. Ndi yokhuthala, mamilimita 5.3, n'chifukwa chake wotchi zake zimatumphuka pamkono. Komabe kwa ife okhala kuno, iyi ndiye timaikonda. Ikawonongeka, wokonza wotchi amangozula injini yonse n'kuikamo yatsopano, ndipo nthawi zambiri zimatchipa kuposa kuiphwasula, kuitsuka ndi kuithira mafuta.

(Injini yachiwiri)

Miyota 9015, ya kampani ya Citizen, ndi yopyapyala, mamilimita 3.9 okha. Imagunda ka 28,800 pa ola, ndiye muvi wa masekondi umayenda mosalala. Kachitsulo ka kumbuyoku, kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka, kamakoka sipuling'i kakamapota mbali imodzi yokha, mbali inayo kamangothamanga chabe. Mukagwedeza mkono n'kumva kaphokoso, musadandaule, ndi mmene inapangidwira.

Sellita SW200 ya ku Switzerland inatengera kapangidwe ka injini ina ya komweko, ETA 2824. Ndi yabwino, koma ndi yodula, ndipo kuiwayinda ndi zala tsiku ndi tsiku kumadya mano a timagudumu tokoka sipuling'i. Ingoipotani pang'ono kuti idzuke, mkono umalize ntchitoyo.

Za kukula, ambiri amangoona mamilimita 38 kapena 40 a m'mimba mwake. Chofunika kwambiri ndi kutalika kuchokera pa nyanga zogwira lamba zakumtunda kufika pa zakumunsi. Mkono ukakhala wochepa, wozungulira masentimita 16, kutalika kopitirira mamilimita 48 kumachititsa nyanga kulendewera panja.

Galasi la sapphire silikandika wamba, pamene la pulasitiki limakandika ngakhale pachitseko cha kombi, kungoti limapukutika n'kuwalanso. Pa za kupirira madzi, wotchi yolembedwa 30m ndi yosambira m'manja basi, osati kulowa nayo m'dziwe. Yosambira yambirani pa 100m, ndipo kamutu kam'mbali kowayindira wotchi kazikhala kotsekedwa, chifukwa fumbi la mu Okutobala limalowera pomwepo.

Wotchi ikayamba kutsogola mphindi zingapo patsiku mwadzidzidzi, kawirikawiri ndi maginito. Mwaigoneka pafupi ndi sipika kapena chivundikiro cha laputopu, kasipuling'i kena ka m'kati, kopyapyala ngati tsitsi, n'kumatirirana. Kachipangizo kochotsa maginito kamathetsa vutoli m'masekondi ochepa, osatsegula n'komwe.

Pogula, musaiwale msonkho wa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho muno mu Zimbabwe, ndi ndalama zotumizira. Gerenti ya zaka ziwiri imamveka bwino, koma funsani kuti wotchi ikavuta, wolipira ulendo wobwerera ku Paris kapena Singapore ndani. Za kulipiriratu wotchi imene sinapangidwe, monga pa tsamba la pa intaneti la Kickstarter, chenjerani nazo. Kampani ya anthu awiri ikatseka, injini ya Seiko mudzaipeza, koma mivi, galasi ndi kamutu kam'mbali, zimene zinapangidwira wotchi yokhayo, simudzazipezanso. Muwalembere musanalipire, muwafunse ngati amagulitsa zipangizo zimenezi paokha, ndipo muone kuti akuyankhani pakatha masiku angati.