Onyamula Anali Anayi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, kaya muli pamzere wa takisi ku Bree kapena ku Noord kuno ku Joni, kaya mukuweruka kumene ku ntchito ya usiku, kaya mukuwerenga muli kumudzi. Mawu athu m'mawa uno tiwapeza pa Marko 2:1-12.

Nkhaniyi ambiri tinaimva tili ku Sande sukulu. Yesu ali m'nyumba ku Kapernao, anthu adzaza mpaka pakhomo. Kenako pakufika anthu atanyamula munthu wofa ziwalo, ndipo Marko sanaiwale kutiuza kuti onyamulawo anali anayi. Atasowa polowera anakwera padenga, nasasula, namutsitsa ndi mphasa yake pamaso pa Yesu. Ndime 5 ikuti Yesu anaona chikhulupiriro cha anthu aja, koma potsegula pakamwa analankhula ndi wodwalayo, namutcha mwana.

Mawuwa ndikutumiza makamaka kwa inu amene kholo lanu linagwidwa ndi sitiroko. Ena muli nalo kuno ku Joni, ena lili ku Ntcheu, ku Mangochi kapena ku Mzimba ndipo mumalisamalira kudzera pa foni ndi Mukuru. Inenso ndili momwemo. Amayi anga anabwera kudzatithandiza kulera ana, poti ine ndi bambo a kunyumba tonse timachoka kusanache. Lero ana aja ndi amene akuthandiza kusamalira agogo awo.

Lolani ndiyambe ndi zimene zingapulumutse moyo. Sitiroko imachitikira mu ubongo. Mwa odwala pafupifupi 8 pa 10 alionse, magazi amaundana n'kutseka mtsempha. Mwa otsalawo mtsempha umaphulika, magazi n'kukhira mkati. Zizindikiro zimabwera mwadzidzidzi: pakamwa pamakhota, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi umalefuka, mawu amatuluka osamveka kapena osatuluka n'komwe. Mukaona chimodzi chokha mwa izi, ngati muli kuno ku South Africa imbani 10177 kuitana ambulansi, kapena 112 pa foni ya m'manja. Musamumwetse madzi, tiyi kapena mapiritsi, musayambe kumuthowa, musadikire kuti kuche. Alipo mankhwala osungunula magazi oundanawo, koma amaperekedwa asanathe maola 4 ndi theka chiyambire zizindikiro, ndipo madokotala amayamba aunika m'mutu kuti adziwe mtundu wa sitirokoyo. Ndiye onani wotchi, musunge nthawi imene zayambira.

Ndikudziwa chimene chimatimanga miyendo ambirife: mapepala. Pasipoti inatha, kapena kholo linalowa ngati mlendo masiku n'kupitirira. Malamulo aakulu a dziko lino la South Africa, gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo sanati nzika zokha. Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi zipatala zazikulu za boma. Thamangani nalo kholo lanu. Za mapepala ndi bilu mudzakambirana munthu ali moyo.

Kwathu munthu akagwa chonchi, mawu amene amafika msanga ndi akuti "wamenyedwa ndi hamala". Usiku womwewo mafoni ayamba kuyenda, dzina la azakhali kapena la agogo ena latchulidwa, ndalama yogulira mankhwala yapita kwa sing'anga. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa banja limang'ambika pa nthawi imene likusowa manja onse. Chimene chikugwetsa makolo athu ambiri ndi BP, yomwe imakhala m'thupi zaka osapweteka paliponse, pamodzi ndi matenda a shuga, fodya ndi mchere wambiri. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wosaona anafunsa kuti wochimwa ndani, ndipo Yesu sanawalole kupitiriza kusaka wolakwa.

Chipatala chikamutulutsa munthu, m'pamene ntchito yeniyeni imayamba. Ife timakhala ku Rosettenville, m'fulati ya zipinda ziwiri. Bedi la amayi lili pabalaza, pafupi ndi zenera, pamene kale panali sofa. Anafooka mbali ya kumanja ndipo mawu anapitira limodzi, chifukwa mbali ya ubongo imene imayendetsa dzanja lamanja ndi yomwenso, mwa anthu ambiri, imasunga chilankhulo. M'mawa timawakhazika tsonga, mapilo kumsana. Munthu wa sitiroko sadyetsedwa chogona, chakudya chikalowera ku mapapo chimadzetsa chibayo. Phala timaphika lolimbirako, popeza madzi ndi tiyi ndi zimene zimawatsamwa msanga. Sipuni yaing'ono, kudikira ameze, kusuzumira m'tsaya la kumanja ngati simunatsalire kanthu. Phalalo likuzizira m'mbale, mwana mmodzi akusakasaka sokosi ya yunifomu, wina wandiimirira ndi kope loti ndisayine, takisi sidikira munthu. Pamene anali chigonere tinkawatembenuza maola awiri alionse, ndi usiku womwe, kuopa zilonda za kumsana ndi m'chiuno. A fizo anatiletsa kuwakoka dzanja lofookalo powadzutsa, chifukwa phewa limatha kuguluka, ndiye timawagwira kumsana ndi m'chiuno. Chisanu cha Juni ndi Julaye chikafika, magetsi n'kuzimanso, madzi osamba timatenthetsa pa gasi, ndipo nsalu zogonera zimatha tsiku lonse pachingwe zisanaume.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandigwetsa misozi nthawi zonse. Kwathu mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira amapatukirana, akamalankhulana wina amayang'ana uku wina uko. Bambo a kunyumba analeredwa choncho, ndipo ulemu umenewo anausunga chikwatirane. Tsopano ndi iwo amene amawachotsa amayi pabedi kuwaika pa chikuku, ndipo chikepe cha nyumba yathu chikafa amawabereka kutsika nawo masitepe tsiku la ku chipatala. Asanawagwire amayamba agwada, n'kunena kuti, "Amayi, pepani, ndikunyamulani tsopano." Amayi amatsinzina, n'kugwedeza mutu, ndipo pokhapo ndi pamene amawakhudza.

Apa ndiye ndime 5 imandigwira. Yesu sanatembenukire kwa anayi aja kuti, "Anayamba liti? Akudya?" Analankhula ndi mwini wake. Ife timachita zosiyana. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi alendo amabwera, ndipo ndimawathokoza ndithu, koma ambiri amaima chilili pambali pa bedi n'kumafunsa ine: "Agona bwanji? Amakuzindikirani? Koma ndiye atha thupi." Mwini wake ali pomwepo akumva. Ambiri amene sitiroko yawalanda mawu nzeru zawo zimakhala zilipo, chimene chasokonekera ndi njira yotulutsira. Mayi amene anatilera tonse, amene ankaweruza milandu ya m'banja ndi kulangiza anamwali, sanasanduke khanda chifukwa choti tikumuveka thewera. Apatseni moni monga kale. Khalani pansi kuti maso alingane. Funsani funso limodzi loti angayankhe ndi mutu, kenako dikirani, ngakhale kudikirako kutalike, ndipo musawamalizire mawu. Muziwafunsanso nzeru: ndiwo za lero, mkangano wa ana, munda wa kumudzi ubwerekedwe kwa ndani chaka chino. Amayi anga akaona mdzukulu akupatsira chinthu ndi dzanja limodzi, amagogoda chikuku ndi dzanja lawo lamanzere, ndipo mwanayo amabwerera kukapereka ndi manja awiri.

Madzulo tikayamba nyimbo ya ku Chigwirizano, amayi omwewo amene akulephera kutchula dzina langa amaimba nafe mzere wathunthu. Madokotala amazidziwa zimenezi, kuimba kumadzera njira ina mu ubongo. Ndipo pamene mawu akanikiratu, Aroma 8:26 akutiuza kuti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosatheka kuneneka. Pemphero la kholo lanu silinaduke tsiku limene lilime linalemera.

Tsopano za anayi aja. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma m'mabanja athu ambiri ngodya zonse zinayi za mphasa zagwiridwa ndi munthu mmodzi, kawirikawiri mwana wamkazi kapena mtengwa. Otsalafe timaimba foni. Inu amene kholo lanu lili kumudzi, ndalama imene mumatumiza ndi ngodya yeniyeni, musadzipeputse. Ndi imene imagula matewera ndi mankhwala, ndi imene imalipira galimoto yopita ku Queens kapena ku Kachere ku Blantyre kukachita mafizo. Koma ndalama sitembenuza munthu 2 koloko usiku. Mukamuimbira amene ali pamphasapo, musayambe ndi "ija tinatumiza ija yayenda bwanji?" Yambani ndi "Achemwali, inuyo mwagona?" Ngati kungatheke, lipirani munthu woti azimulandira tsiku limodzi pa sabata. Disembala akakwana, mukakwera basi pa Park Station kudutsa Beitbridge ndi Nyamapanda mpaka pa Mwanza, musakafike ngati mlendo wodikira nkhuku. Kagoneni inu m'chipinda cha wodwala, mnzanuyo akagone kwina tulo tathunthu. Pa 1 Timoteo 5:4 Paulo akuti ana ndi adzukulu aphunzire kubwezera makolo awo, pakuti zimenezo zimakondweretsa Mulungu, ndipo sanapatulepo mwana wamkazi yekha.

Inu amene muli pamphasa tsiku ndi tsiku, kutopa si tchimo. Amabwera masiku amene wodwala amangolira popanda chifukwa chooneka, kapena kukankha mbale, kapena kukana kusamba. Sitiroko imachita zimenezo, ndipo ambiri imawasiyira chisoni chachikulu chofunika kuwauza anamwino, chifukwa chithandizo chake chilipo. Wosamalira nayenso amapsa mtima, kenako n'kugona akudziimba mlandu. Mulungu amaziona zonsezo ndipo sakutayani. Munthu akakufunsani kuti "ndithandize chiyani?" musayankhe kuti "tili bwino". Muuzeni kuti, "Loweruka masana bwerani mudzakhale ndi amayi, ndikagule zinthu." Ndipo ife a mumpingo, amayi a chigwirizano, madikoni, achinyamata, pemphero lathu la pabedi lija n'lofunika, koma chikhulupiriro chimene Yesu anaona chinali cha anthu amene anakwera padenga atasenza katundu. Wina atha kuchapa, wina ali ndi galimoto ya tsiku la ku chipatala, wina atha kutenga ana kukacheza nawo kwake.

Wina afunsa kuti, "Munthu wa pa Marko 2 anadzuka n'kusenza mphasa yake, nanga wanga bwanji?" Funsoli n'lolemera ndipo sindilipeputsa. Timapemphera kuti adzuke, ndipo ambiri mphamvu zimabwereradi, makamaka m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, akamachita mafizo tsiku lililonse ndi kumwa mankhwala osadukiza. Musalole munthu aliyense, kaya ali ndi udindo wotani, akuuzeni kuti kutaya mapiritsi a BP ndiko chikhulupiriro. Amene anagwidwapo kamodzi angathe kugwidwanso. Koma n'zoona kuti ena sadzayendanso, ndipo sichifukwa choti banja lawo linapemphera moperewera. Pa Yesaya 46:4 Mulungu akuti kufikira ukalamba ndi imvi Iye adzakhala yemweyo, anatilenga ndipo adzatinyamula. Sanati adzanyamula okhawo amene achira.

Nanunso onyamula, kayezetseni BP sabata ino, ku kiliniki kapena ku famase. Matendawa amatsata mtundu, ndipo ife a kuno timagwira ntchito maola ambiri, kugona pang'ono, kudya poloni, atchar ndi timakyubu tothira mu ndiwo. Bungwe la WHO limati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, komwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza umene uli kale mu buledi ndi zogula zina. Makina akamaonetsa 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, kaonaneni ndi adokotala ngakhale mukudzimva bwinobwino.

Tiyeni tipemphere. Atate, tikuika m'manja mwanu makolo athu amene ali chigonere, kuno ku Joni ndi kumudzi. Limbitsani miyendo imene ikuphunziranso kuyenda, masulani malilime amene amangika. Kumbukirani mlongo amene wachezera usiku wonse ndipo pano akuthamangira takisi, mpatseni bwana womvetsa ndi ulendo wabwino. Kumbukirani ana amene akukulira m'nyumba za matenda, asasowe chisamaliro chawo. Pamene abale anakangana chifukwa cha ndalama kapena kulozana zala, bweretsani mtendere, foni ilire lero. Dalitsani anamwino, a fizo ndi oyendetsa ambulansi. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Muyende bwino, mugwire bwino ntchito.