Kufufuza wakupha ku Ireland wa m'ma 600: zimene mabuku a nthano amanena zoona, ndi bodza limodzi lokhudza akazi

Moni nonse amene mwatsegula vidiyo ino. Taganizani kuti ndi m'mawa wina cha m'ma 670, ndipo mtembo wa munthu wapezeka m'dambo pafupi ndi mudzi wina ku Ireland. Kulibe apolisi, kulibe ndende ya boma, ndipo kulibe ofesi imene mungakadandauleko. Ndani afufuze mlanduwu, ndipo wakuphayo akapezeka amutani? Pa funso limeneli ndi pamene pamangidwa mtundu wina wa mabuku a nthano umene ndimaukonda kwambiri, wa nkhani zofufuza milandu zochitikira ku Ireland wakale. Odziwika kwambiri ndi mabuku a Sister Fidelma, olembedwa ndi Peter Tremayne, limene ndi dzina lolembera la Peter Berresford Ellis. Buku loyamba, Absolution by Murder, linatuluka mu 1994, ndipo Fidelma amaonetsedwa ngati sisitere amene alinso loya, mlongo wake wa mfumu ya ku Cashel, kumwera kwa Ireland. Ndili ndi mfundo zisanu, koma ndikupempheni kuti mudikire yachinayi, chifukwa m'menemo muli nkhani imene imandikwiyitsa ndikaiona ikufalitsidwa pa intaneti. Ngati simunadinebe batani la subscribe, dinani tsopano, kenako tiyambe.

Mfundo yoyamba ndi dziko lenilenilo, ndipo ndiithamangitsa. Ireland wa nthawi imeneyo anali wogawikana m'timaufumu tating'ono pafupifupi 150, ndipo kalikonse kankatchedwa túath. Kunalibe matauni. Mabanja ankakhala m'makomo ozingidwa ndi linga la dothi kapena la miyala, ndipo malo aakulu osonkhanirapo anthu anali nyumba za amonke monga Armagh, Kildare ndi Clonmacnoise. Chuma chinali ng'ombe. Ma Viking, ankhondo apanyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, anayamba kuukira chilumba cha Ireland mu 795, ndipo ndalama zachitsulo zoyamba zinasulidwa ku Dublin cha m'ma 990. Mukapeza buku limene munthu wa m'ma 600 akudya mbatata ya kachewere, dziwani kuti wolembayo sanafufuze, popeza mbewu imeneyi inachokera ku South America ndipo inafika ku Ireland cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500.

Mfundo yachiwiri ndi malamulo, ndipo apa mabuku a nthano ali ndi maziko olimba. Anthu a ku Ireland analemba malamulo awo m'chinenero chawo m'zaka za m'ma 600 ndi 700, ndipo mpukutu waukulu kwambiri umatchedwa Senchas Már. Woweruza ankatchedwa brithem. Munthu akapha mnzake amene sanali kapolo, chilango chachikulu chinali dipo lotchedwa éraic, lokwana ng'ombe za mkaka pafupifupi 21, ndipo pamwamba pake ankalipiranso achibale a womwalirayo molingana ndi ulemu wa aliyense wa iwo. Munthu aliyense amene sanali kapolo anali ndi mtengo wa ulemu wake malinga ndi udindo wake: wa mfumu ya túath unali ng'ombe 21, pamene wa mlimi wodzidalira unali ng'ombe ziwiri kapena zitatu. Amene munaonapo mlandu ukutha pa bwalo la amfumu ndi mbuzi ya chipepeso, imene banja lonse lasonkherana, mukumva kale m'mene zinkayendera.

Taonani tsopano chifukwa chake zimenezi ndi chakudya chokoma kwa wolemba nthano. Wakupha akalephera kulipira, ngongole inkagwera achibale ake a kuchimuna, ndiye kuti azibambo ake aang'ono ndi ana awo onse anali ndi chifukwa chobisira zoona. Kupha mobisa, kumene munthu wabisa mtembo ndi kukana mlandu, kunali ndi dzina lakelake, duinetháide, ndipo dipo lake linkawirikiza. Kupha m'bale wako kunali koopsa kuposa zonse, chifukwa banja lolipira ndi banja lolandira linali limodzi lomwelo, ndipo dipo silikanatha kutseka mlandu. Dipo likapanda kuperekedwa, banja la womwalira linali ndi ufulu wogwira wakuphayo, kumugulitsa ukapolo kapena kumupha. Choncho amene amanena kuti kunalibe chilango cha imfa akunena mbali imodzi chabe.

Mfundo yachitatu ndi umboni. Milandu inkadalira kwambiri mboni ndi malumbiro, ndipo lumbiro la munthu wa udindo waukulu linkaphimba la munthu wotsika. Umboni ukasowa, ankachita maere kapena kulowetsa dzanja la woganiziridwayo mumphika wa madzi owira. Buku la malamulo lotchedwa Bretha Déin Chécht limafotokoza kuti bala linkayezedwa ndi njere za mbewu, kuwerenga njere zimene zingakwane pabalapo, kuti adziwe kukula kwa dipo. Chimene ndimachisirira ndi chakuti woweruza ankapereka chikole cha siliva asanagamule, ndipo akagamula mokhota ankaluza chikolecho ndi kulipira yekha chindapusa.

Tisanalowe mfundo yachinayi, ndikumbutse kuti vidiyo zino zimapitirira chifukwa cha inu amene mumagawana ndi anzanu pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndiponso amene munalembetsa kukhala mamembala a tchanelo chino. Amene mukufuna kuthandiza, linki ili m'munsimu. Tsopano tifike pa nkhani ija.

Mfundo yachinayi ndi bodza limene lafala kwambiri, lakuti ku Ireland wakale akazi anali ofanana ndi amuna pamaso pa lamulo, ankakhala oweruza ndi maloya mwaufulu, ndipo zonse zinaonongeka Angerezi atabwera. Muziona zimenezi m'tizithunzi tolembedwa mawu timene timazungulira pa intaneti, ndipo anthu ambiri amazitenga m'mabuku a nthano amene ndikunenawa. Wolemba nthano sindimuimba mlandu waukulu, chifukwa ali ndi ufulu wopeka munthu wosapezekapezeka ngati Fidelma. Chimene chimandipweteka ndi pamene owerenga atenga munthu wopekedwayo ndi kumusandutsa umboni wa mbiri yakale.

Tiyeni tione zimene malamulowo amanena okha. Amanena kuti mkazi akakhala mtsikana amayang'aniridwa ndi bambo ake, akakwatiwa amayang'aniridwa ndi mwamuna wake, akakhala wamasiye amayang'aniridwa ndi ana ake aamuna, ndipo akakhala sisitere amayang'aniridwa ndi mpingo. Popanda chilolezo cha womuyang'anirayo, mkazi wamba sankatha kugula, kugulitsa kapena kuchita pangano lomangika. Mtengo wa ulemu wa mkazi wokwatiwa unali theka la wa mwamuna wake. Umboni wa mkazi nthawi zambiri sunkalandiridwa pa mlandu, kupatula pa nkhani zina monga zochitika pa uchembere, pamene mwamuna sakanakhalapo. Ndipo dipo la éraic lija, m'malamulo linkawerengedwa ngati ma cumal 7, pamene cumal anali kapolo wamkazi, wa mtengo wa ng'ombe za mkaka zitatu. Muyezo waukulu wa chuma m'dziko limenelo unali mkazi wogwidwa ukapolo, wopera tirigu pamphero tsiku ndi tsiku. Ndikamva munthu akutcha dziko lotere paradaiso wa akazi, ndimafuna kumufunsa kuti akunena akazi ati.

Ena adzandiuza m'makomenti kuti kunali woweruza wamkazi dzina lake Bríg. N'zoona kuti dzina limeneli limapezeka m'mabuku a malamulo, ndipo amanenedwa kuti anakonza chigamulo cholakwika cha woweruza wamwamuna, Sencha. Koma Bríg ndi Sencha onse ndi anthu a m'nthano za makolo, amene alembi a malamulo ankawatchula pofuna kupatsa lamulo ulemu wa kalekale. Katswiri Fergus Kelly, amene buku lake lofotokoza malamulo akale a ku Ireland linatuluka mu 1988, amaonetsa bwino kuti uloya ndi uweruzi zinali ntchito za amuna.

Ndisakhale ngati ndikubisa mbali inayo, chifukwa bodza lililonse lolimba limamera pa kachoonadi. Poyerekeza ndi madera ambiri a ku Ulaya nthawi imeneyo, akazi a ku Ireland anali ndi zina zimene lamulo linkawatetezera momveka. Lamulo la ukwati, Cáin Lánamna, limafotokoza banja limene mwamuna ndi mkazi abweretsa chuma chofanana, ndipo m'banja lotero mkazi ankatha kuthetsa pangano loipa limene mwamuna wake wachita. Mkazi ankatha kuthetsa ukwati ngati mwamuna sakumusamalira, ngati wamumenya mpaka kumusiyira chipsera, kapena ngati akuulula zinsinsi za kuchipinda kwa anthu, ndipo ankachoka ndi gawo lake la chuma molingana ndi zimene anabweretsa ndi ntchito imene anagwira. Mwana wamkazi wopanda alongo ankalandira munda wa bambo ake kwa moyo wake wonse, ngakhale kuti akamwalira mundawo unkabwerera kwa achibale a kuchimuna. Malamulo amatchulanso asing'anga aakazi ndi amisiri aakazi. Mabuku a mbiri analemba za imfa ya Uallach, mwana wa Muinechán, mu 934, ndipo amamutcha mlakatuli wamkazi wa Ireland. Ku Kildare, kumene kunayambitsidwa ndi Brigit Woyera, mkulu wa masisitere anali ndi mphamvu zenizeni. Zonsezi ndi zoona, koma ndi mipata imene inalipo mkati mwa dongosolo la amuna, ndipo yambiri inali ya akazi obadwira m'mabanja olemera.

Onaninso kuti lamulo lomwelo limene linkalola mkazi kuchoka pa chipsera linkalola mwamuna kumumenya malinga asasiye chipsera. Mitala inali yololedwa, ndipo mwamuna akabweretsa mkazi wachiwiri, mkazi wamkulu sankaimbidwa mlandu pa chilichonse chimene wachitira mnzakeyo m'masiku atatu oyamba, kupatula kumupha. Ndiuzeni ngati pali chiyambi cha nkhani yofufuza mlandu choposa chimenechi.

Umboni umene umandigwira mtima kwambiri ndi wa mu 697. M'chaka chimenecho Adomnán, mkulu wa amonke pa chilumba cha Iona, kumadzulo kwa Scotland, anasonkhanitsa mafumu ndi atsogoleri a mpingo ku Birr, pakati pa Ireland, ndipo anakhazikitsa lamulo lotchedwa Cáin Adomnáin, loteteza akazi, ana ndi atumiki a mpingo ku chiwawa, makamaka pa nkhondo. Mayina a anthu 91 analembedwa ngati oikira kumbuyo lamuloli. Limanena kuti mwamuna wopha mkazi adulidwe dzanja lamanja ndi phazi lamanzere, kenako aphedwe, ndipo achibale ake alipire dipo. Mkazi wopha munthu aikidwe m'bwato lokhala ndi nkhafi imodzi ndi chotengera cha phala, akankhidwire panyanja, Mulungu aweruze yekha. Ndi lamulo lofunika kwambiri m'mbiri ya dziko lapansi, koma dzifunseni chimene chinkachitikira akazi mpaka mafumu ochuluka chotero anayenera kuitanidwa kudzalumbira kuti asiye kuwapha.

Maganizo anga ndi akuti choonadi chimenechi chimapatsa wolemba nkhani yamphamvu kuposa bodza lija. Taganizani za mkazi amene anaona zonse ndi maso ake, akudziwa wakupha, koma lumbiro lake silingalandiridwe pabwalo, ndipo wakuphayo ndi munthu wa udindo amene lumbiro lake limaphimba la wina aliyense m'mudzimo. Ayenera kupeza mwamuna woti amulankhulire, kapena chinthu chogwirika chimene sichingatsutsidwe ndi lumbiro. Buku lotero ndingaliwerenge usiku wonse, ndipo ngati pakati panu pali wolemba, ndikukupemphani kuti mulilembe.

Mfundo yachisanu ndi yachidule, ndipo ikuyankha amene amafunsa chifukwa chake chaka cha 664 chimatchulidwa kwambiri m'mabuku amenewa. M'chaka chimenecho kunachitika kadamsana pa 1 Meyi, mliri woopsa unagwa ku Ireland ndi ku Britain, ndipo ku Whitby, mu ufumu wa Northumbria, kumpoto kwa England, kunachitika msonkhano wa mpingo umene mfumu Oswiu anagamula kuti tsiku la Pasaka liziwerengedwa mwa njira ya ku Roma osati ya amonke a ku Iona. Buku loyamba la Fidelma limachitikira pa msonkhano umenewu.

Lembani m'makomenti ngati munawerengapo lina mwa mabuku amenewa, ndipo mutiuze ngati munakhulupirira kuti akazi onga Fidelma anali ambiri. Dinani like kuti YouTube ionetse vidiyo ino kwa anthu ena. Sabata yamawa tidzakambirana za Bechbretha, malamulo a njuchi a ku Ireland wakale, ndi nkhani ya mfumu Congal Cáech, amene malamulowo amati anachotsedwa pa ufumu wa Tara, mpando wolemekezeka kwambiri wa mafumu a ku Ireland, njuchi itamuluma m'diso.