Tula Keniyo, Mvula Si Yako

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye.

"Chisomo changa chikukwanira." 2 Akorinto 12:9

Vesili tonse timalidziwa, ena tinalimata ndi pakhoma. Koma ine sabata ino ndimalinena pakamwa chabe, m'manja ndili ndi keni.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa ng'amba ya mu Januwale. Chimanga chafika m'chiuno, mwapalira, mwabandira, feteleza wobereketsa mwathira, kenaka kumwamba kungoti mbee masabata awiri. Masamba ayamba kupotana. Chaka china ndili mtsikana ndinaona mayi anga atatenga keni ya kudimba n'kuyamba kuthirira munda wa chimanga, phando ndi phando, kuchokera kudambo. Pofika masana anali atathirira mizere itatu yokha, woyambawo utauma kale. Anakhala pansi pa mtengo n'kunena kuti, "Keni ndi ya kudimba, munda ndi wa mvula."

Tula keniyo, mlongo wanga. Tula, mbale wanga.

Ndikunena izi chifukwa cha mwana wanga wamkulu. Kwa miyezi ingapo tsopano kutchalitchi sakupitako, akubwera usiku, ndipo tikamapemphera amangotuluka panja. Ine ndiye ndinanyamula keni yanga. Kukalipa m'mawa, kukalipa madzulo. Ndinamubisira foni. Ndinamuitanira amalume ake. Mavesi ndimamutumizira pa WhatsApp ngati mankhwala, katatu patsiku. Lachitatu usiku, cha m'ma 2 koloko, ndinali maso ndikukonza mawu oti ndikamuuze kukacha, ndipo ndinazindikira kuti sabata yonseyi ndalankhula kwambiri ndi mwanayo za Mulungu, koma sindinalankhule ndi Mulungu za mwanayo. Ndinalira. Msana wandipweteka ndi kutunga, koma nthaka ya mtima wake ili gwa.

Timakonda kunena kuti Mulungu amathandiza wodzithandiza. Fufuzani kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, mawu amenewo simuwapeza. Amene timamupezamo ndi Paulo, munthu wophunzira pa mapazi a Gamaliyeli, Mfarisi wa fuko la Benjamini, woti akanatha kudzitama. Munga utamulasa m'thupi anapempha katatu kuti uchoke. Sunachoke. Anangopatsidwa chisomo, ndipo anauzidwa kuti n'chokwanira. Yemweyo ndi amene analembera Akorinto kuti iye anaoka, Apolo anathirira, koma wokulitsa ndi Mulungu.

Musandimve molakwa. Sindikuti tisiye khasu. Mvula ikagwa pa munda wosalima imameretsa chisoso ndi nsongole basi. Lima, dzala, palira, langiza mwana wako, pita ku ntchito, bweza ngongole ya kubanki mkhonde. Paulo naye anati anagwira ntchito kuposa atumwi onse, koma anawonjezera pomwepo kuti si iye, ndi chisomo cha Mulungu chimene chinali naye. Vuto lathu ndi loti tikagwira khasu timafunanso kugwira mitambo.

Ndipo keniyi imanyenga, abale. Ukamayenda nayo uku thukuta lili kamukamu umaoneka wolimbikira, anthu amakuyamikira kuti mayi uyu ndi wamphamvu, bambo uyu sagona. Pansi pake pali kamtima kakuti, "Ndikapanda ine, zonse zifa." Kamtima kameneko ndi kunyada, ngakhale kavale chitenje cha chigwirizano. Ndikudzinena ndekha, koma ndikudziwa kuti m'gulu muno tilimo ambiri. Wina akuthirira banja lake ndi keni. Wina bizinesi. Wina akufuna kudzitsuka tchimo lakale ndi kusala kudya ndi zopereka, ngati kuti mtanda unasiya ngongole ina yoti iye amalize.

Kodi watopa? Mapewa akuwawa? Tula. Mwini mvula sagona, ndipo munda umenewo anaudziwa iwe usanaulime.

Mayi anga tsiku lija anabwerera kunyumba keni ili yopanda madzi, n'kukagwada kuchipinda. Sindikukumbukira kuti mvula inabwera patapita masiku angati. Chimene ndikukumbukira n'chakuti usiku umenewo anagona tulo.

Mwana wanga sanasinthe, abale, ndisakunamizeni. Dzulo wabweranso mochedwa. Koma foni yake ndamubwezera, ndipo lero m'mawa ndagwada pakhomo la chipinda chake iye ali mtulo, ndamutchula dzina pamaso pa Atate. Mundikumbukire m'mapemphero, nanenso ndikukumbukirani. Panopa ndikukamuphikira phala.