Thumba limodzi limatha masiku angati?

Zikomo amfumu pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, ndiyambe ndi funso. Pakhomo panu, thumba la chimanga la makilogalamu 50 limatha masiku angati? Amayi mukuseka, ndiye kuti mukudziwa. Abambo mwangoti zii!

Inenso sindinkadziwa. Chaka china mvula inagwa bwino, ndinakolola matumba 22. Mu Meyi mavenda anafika ndi masikelo awo, ine n'kugulitsa matumba 12 kuti ndigule malata. Mayi akunyumba anandiletsa, koma ndinawauza kuti za ndalama azindisiyira ine. Pofika Khirisimasi ufa unali utatha. Ndinabwerera kwa venda yemwe uja kukagula chimanga, mwina changa chomwe, pamtengo woposa kawiri umene anandigulira.

Nanga ndalama yake ndinaitenga kuti? Kuganyu. Januwale yense ndinali kupalira m'minda ya anzanga, wanga udzu ukungokula. Pamene ndimati ndiyambe kubandira, chimanga chinali chitachita kale chikasu. Galu wakuda wa chaka chimenecho anabereka mwana, ndipo mwanayo anatiluma chaka chotsatira. Malata aja alipo, sadontha, koma palibe anawadyapo.

Kuchokera pamenepo mayi anayamba kulemba ndi khala pakhoma tsiku limene tamasula thumba. Tilipo anthu 7, ndipo thumba limatitengera masabata atatu. Pachaka ndi matumba 17, tisanawerengere maliro, alendo ndi ana a achimwene amene amabwera sukulu ikatsekera. Sukulu yanga inali khoma limenelo. Lero ndikakolola ndimayamba ndapatula matumba 20, venda amaona zotsala.

Komanso kupatula kokha sikukwanira, anankafumbwe ndi chuku nawonso amadikira. Chimanga chiume kaye. Tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo chimanga pang'ono ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, mudikire kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyontho, chibwerere padzuwa. Chikauma, thirani Actellic monga alembera pabotolo lake, kapena sungani m'matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri m'kati. Amenewo safuna mankhwala, bola mumange zolimba ndipo makoswe asaboole. Thumba lisakhale pansi, liikeni pathandala.

Botolo ndi mchere ndabwera nazo. Amayi amene mwatenga chimanga, tasenderani kutsogolo kuno tiyesere limodzi.